Mwavulala mwendo? Kathamangidwe ka m'madzi akuya ndi lamba woyandamitsa

Funso limene limandipeza kawirikawiri pa WhatsApp, kuchokera kwa anzathu amene timathamanga nawo m'mamawa muno mu Lilongwe ngakhalenso kwa anthu amene sindinawaonepo, ndi ili: "Adokotala andiletsa kuthamanga kwa milungu 6. Nditani kuti mpweya usathe?" Wina ndi msongolo, wina bondo, wina chidendene. Ndakhala ndikuyankha mmodzimmodzi, ndipo nthawi iliyonse ndimapezeka kuti ndasiyako china chofunika. Ndiye ndaganiza zongolemba kamodzi, aliyense azidziwerengera.

Yankho lake ndi kuthamangira m'madzi akuya. Mumamanga lamba woyandamitsa m'chiuno, n'kulowa mbali yakuya ya dziwe losambiramo pamene mapazi sagunda pansi, ndipo mumayendetsa miyendo ndi manja monga mumachitira pamsewu. Mukafuna kuona makanema ake pa YouTube, lembani kuti aqua jogging kapena deep water running.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mukamathamanga pamtunda, phazi likatera, mwendo umalandira mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lanu kawiri kapena katatu, ndipo izi zimachitika kambirimbiri pa kilomita imodzi yokha. Kugunda kumeneko ndi kumene fupa long'aluka kapena mtsempha wotupa sufuna. M'madzi akuya kugundako kulibe, koma ntchito ilipo, pakuti madzi ndi olemera kuposa mpweya pafupifupi ka 800, ndipo mwendo uyenera kuwakankha popita ndi pobwera pomwe. Akatswiri ofufuza zamasewera anayesapo kuchotsa othamanga pamsewu n'kuwaika m'madzi okhaokha kwa milungu 4 mpaka 6, ndipo anapeza kuti mphamvu ya mtima ndi mapapo sinatsike. Koma dziwani kuti amenewo ankagwira ntchito yeniyeni m'madzimo. Lamba amangokunyamulani, kuthamangako n'kwanu.

1. Yambani mwaonana ndi achipatala

Musadziyeze nokha. Ululu wa pamsongolo ukhoza kukhala kutupa chabe, ukhozanso kukhala mng'alu wa fupa, ndipo mng'alu woyamba kumene nthawi zambiri suoneka pa X-ray. Ku Kamuzu Central Hospital kuli madokotala a mafupa ndi a mafizo, ndipo zipatala zina zolipira zilinso nawo. Mukafika musangofunsa kuti "ndingathamange?" Funsani mwachindunji kuti, "Kodi ndingalowe m'madzi akuya n'kumayendetsa mwendowu osaponda pansi?" Ambiri amavomera, koma pakhale chilolezo chawo.

Kuthamangira m'madzi kumathandiza kwambiri pa mng'alu wa fupa la msongolo kapena la phazi, ululu wa kunsi kwa chidendene, mtsempha wa kumbuyo kwa akakolo, ndi mavuto ambiri a bondo. Pamene pamafunika kusamala ndi pa minofu ya m'mphechepeche, ya kutsogolo kwa chiuno, ndi ya kumbuyo kwa ntchafu, chifukwa imeneyi ndi imene imakoka mwendo m'madzi. Ikakhala kuti ndiyo yavulala, madzi akhoza kuinyanyitsa.

Musalowe m'dziwe ngati muli ndi bala losapola, ulusi wa opaleshoni usanachotsedwe, kapena mwendo uli mu chikhakha (POP). Musalowenso mukutsegula m'mimba, thupi likutentha, kapena muli ndi matenda a pakhungu. Amene ali ndi khunyu, vuto la mtima, BP yosakhazikika kapena mphumu yovuta, anene zimenezi kwa adokotala poyera asanaganize n'komwe za madzi akuya.

2. Pezani madzi oyenera

Apa ndi pamene ife a ku Lilongwe timavutikira. Maiwe osambiramo ambiri ali m'mahotela, m'malo ogona alendo, m'makalabu monga Lilongwe Golf Club, ndi m'sukulu zina zolipira. Ku Kamuzu Institute for Sports ku Area 17 kunamangidwanso malo osambirira pokonzekera masewera a achinyamata a maiko a kumwera kwa Africa (Region 5) a mu 2022. Kulikonse kumene mwasankha, imbani foni kapena pitaniko mukafunse zinthu zitatu: ngati amalola anthu akunja, ngati pamakhala wopulumutsa anthu, ndi kuya kwa mbali yakuya. Chachitatuchi n'chimene anthu amaiwala. Maiwe ambiri a m'mahotela anawamangira kusewera, ndipo madzi ake amalekeza m'chifuwa. Munthu wa msinkhu wapakati amafuna madzi akuya pafupifupi mamita 1.8, wamtali kwambiri afune mamita 2. Chala chikamakhudza pansi mukatambasula mwendo, malowo sakukwanira, chifukwa mudzayamba kudzikankha ndi phazi lovulala lomwelo osadziwa.

Malo akuyawo safunika kukhala aakulu. Ngakhale atakhala mamita atatu okha, mukhoza kumazungulira pomwepo, kapena kumanga chingwe kumbuyo kwa lamba n'kuchikoleka pa makwerero a dziwe, inu n'kumathamanga pamalo amodzi. Pemphani kaye kwa oyang'anira.

Yang'anani madziwo. Ngati simukuona pansi pa mbali yakuya, kapena ayamba kubiriwira, bwererani. Madzi otere ndi osasamalidwa, komanso munthu atamira palibe angamuone.

Ena amandifunsa za ku Kamuzu Dam, madamu a m'mafamu, mtsinje wa Lilongwe kapena maenje a miyala odzadza madzi a mvula. Ayi ndithu. Muli likodzo, limene tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi n'kulowera pakhungu, simudziwa kuya kwake, ndipo m'mitsinje ina muli ng'ona. Kunyanja ku Senga Bay madzi amakopa, koma likodzo liliko, ndipo mwera ukayamba m'miyezi yozizira mafunde amakankha munthu woyandama mpaka kutali ndi gombe. Sindilimbikitsa woyamba kumene kukaphunzirira kunyanja.

Nthawi nayo ndi yofunika. Maiwe athu ambiri satenthetsedwa, ndipo mu June ndi July, pamene usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10, madzi a m'mamawa amaumitsa minofu. Miyezi imeneyo pitani masana. Mu October ndi November pitani m'mawa kapena madzulo, muvale kapusi. Nthawi ya dzinja mukangomva bingu tulukani, musadikire mvula.

3. Pezani lamba weniweni

Lamba wothamangira m'madzi ndi wotakata kumsana, wowonda m'mbali, ndipo amamangidwa kutsogolo ndi kachingwe kolimba ndi loko wapulasitiki. Amapangidwa ndi zinthu za mtundu umene amapangira masilipasi, zopepuka koma zosamwa madzi. Wodziwika kwambiri ndi wa AquaJogger wochokera ku America, koma alipo ena ambiri ofanana naye. Muno sapezekapezeka. Yesani m'mashopu a zamasewera, yendani pa kaunjika ku Tsoka ndi ku Area 2 mutanyamula chithunzi chake pa foni, kapena tumizani amene amapita ku Johannesburg. Maiwe ena amene amaphunzitsa mafizo a m'madzi amakhala nawo obwereketsa. Anthu atatu kapena anayi akhozanso kusonkherana n'kugula mmodzi, pakuti si nthawi zonse pamene nonse muvulala pamodzi.

Wa kaunjika mumuyese musanapereke ndalama: kokani loko mwamphamvu muone ngati sakutseguka yekha, ndipo finyani lambayo muone ngati sakunyenyeka.

Kukula kwa lamba kumatengera thupi, ndipo apa anthu amaganiza mozondoka. Mafuta amayandama, minofu ndi mafupa zimamira. Choncho mnyamata wowonda wa minofu yokhayokha, wothamanga makilomita 21 aja, ndi amene amafuna lamba woyandamitsa kwambiri, pamene mayi wathupi angafune wocheperapo.

Lamba akasowa, chothandizira chapafupi ndi noodle, kandodo kofewa kamene ana amasewerera m'dziwe. Ikani kumsana n'kudutsitsa m'khwapa, kapena mudule zidutswa zitatu kapena zinayi, mulowetse lamba wolimba wa chikwama pabowo lake lapakati, mumange m'chiuno. Amene mwapanga nokhayu mumuyese pamalo osaya kaye, ndipo ngati simudziwa kusambira musamudalire.

Zimene musagwiritse ntchito ndi izi. Siponji ya matiresi imamwa madzi n'kulemera. Zigubu zomangirira m'chiuno zimatsetsereka, chivindikiro chimatha kutseguka, ndipo zikathawira kumatako zimazondotsa munthu mutu pansi. Chubu cha tayala chimatsekereza manja. Life jacket ya m'boti anaipangira kugoneka munthu chagada kuti nkhope ikhale kumwamba, ndiye imakwera mpaka m'makutu ndipo simungathamange nayo bwino.

4. Mangani lamba molimba

Mangani muli kumtunda, gawo lalikulu kumsana, loko pamchombo. Kokani mpaka mumve kuti wathina pang'ono kuposa mmene mungakondere, chifukwa mukalowa madzi amafinya mimba ndipo lamba amakhwefuka. Lamba wokhwefuka amakwera n'kukakamira m'nthiti ndi m'khwapa, kupuma kumavuta, khungu limasupuka. Zikatero tulukani mumangenso, musapirire. Kuvala kamalaya kothina mkati kumateteza khungu. Ngati lamba akukugwetserani chamtsogolo nthawi zonse, muzungulitseni kuti gawo lalikulu libwere m'mbali kapena kutsogolo.

5. Tsiku loyamba, makamaka ngati simudziwa kusambira

Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwa ndi anthu amene anaphunzira kusambira ali ana, ndiye amangoti "lowani mbali yakuya muyambe." Ambiri a ife amene tinakulira ku Kawale, ku Area 25, ku Mitundu kapena ku Dowa sitinakhalepo m'madzi opitirira mutu. Palibe chochititsa manyazi pamenepa, koma n'zoopsa kuzibisa. Lamba uyu si chida chopulumutsira moyo. Munthu atakomoka atamuvala, nkhope imagwera m'madzi. Choncho musalowe nokha ngakhale tsiku limodzi. Pakhale wopulumutsa anthu, kapena mnzanu wodziwadi kusambira, ataima m'mbali pafupi nanu, ali ndi ndodo yaitali kapena noodle m'manja, maso ali pa inu osati pa foni. Muuzeni mosabisa kuti, "Achimwene, ine madzi sindiwadziwa, mundiyang'anire."

Tsiku loyamba musawerenge kuti ndi la majowajowa. Ndi lozolowerana ndi madzi basi, ndipo mphindi 20 zikwanira.

Lowerani mbali yosaya, potsika makwerero, osadumpha. Ngati mwendo wanu sukuloledwa kuponda, gwirani khoma muziyenda ndi manja. Madzi akafika m'chifuwa mudzamva ngati mpweya wachepa, ngati wina wakugwirani nthiti. Ndi madzi akukanikiza chifuwa, ndipo aliyense amamva choncho. Imani pomwepo, mupume pang'onopang'ono mpaka mtima ukhale m'malo.

Kenako gwirani khoma ndi manja onse, nyamulani mapazi, muwerenge mpaka 10. Tsitsani. Bwerezani mutagwira ndi dzanja limodzi, kenako ndi zala ziwiri zokha, kenako siyani. Mudzaona chinthu chimene chimaopsa ambiri: mukakoka mpweya thupi limakwera pang'ono, mukautulutsa limatsika, madzi n'kufika pachibwano. Munthu wamantha akamva kutsikako amagwira mpweya, amaumitsa khosi, amayamba kumenya madzi. Musatero. Kutsikako kuli ndi polekezera. Tulutsani mpweya wonse dala, muli pafupi ndi khoma, muone pamene madzi alekezera. Ngati afika pakamwa, lamba wanu ndi wochepa, onjezerani noodle kapena pezani wamkulu. Ngati alekeza pakhosi kapena pachibwano, ndiye kuti simudzatsikanso kupitirira pamenepo, ndipo thupi lanu likadziwa zimenezi mantha amachepa okha.

Viikani nkhope m'madzi, mutulutse mpweya m'mphuno, mudzutse mutu. Chitani kangapo. Tsiku lina mwana adzadumphira pafupi nanu, madzi adzakulowani m'kamwa, ndipo musadzadzidzimuke.

Tsopano phunzirani kudziimika mukagwa, mudakali pamalo oti mukhoza kuponda. Dzigwetseni chafufumimba: kokerani mawondo kuchifuwa, kankhirani madzi pansi ndi manja onse, dzutsani mutu, tsitsani miyendo. Dzigwetseninso chagada: kokerani mawondo kuchifuwa, weramitsani mutu kutsogolo, tungani madzi ndi manja kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo mpaka mutakhala tsonga. Chinsinsi chake n'chimodzi, mawondo kuchifuwa. Miyendo ikakhala yotambasuka imayandama kumbuyo kapena kutsogolo ndipo simungaime. Bwerezani mpaka thupi lizichita lokha musanaganize. Amene sanathe zimenezi asapite mbali yakuya, ngakhale zitamutengera masiku atatu.

Mukatha, tsatani khoma kupita kwakuya, dzanja lili pakhoma. Pamene mapazi asiya kugunda pansi, siyani khoma koma mukhale pamtunda woti mkono ufika. Yandamani chiimire, manja akupalasa pang'ono m'mbali. Masabata awiri oyamba muzithamanga motsata khoma lomwelo.

6. Kaimidwe ndi kayendetsedwe ka miyendo

Pamsewu nthaka imakuuzani mukalakwitsa. M'madzi palibe chokuuzani, ndiye n'zotheka kutha mwezi wathunthu mukungovundula madzi osapindula kanthu.

Thupi liime chilili, mutu pamwamba pa mapewa, mapewa pamwamba pa chiuno, kupendekera kutsogolo pang'ono kwambiri. Madzi azilekeza pamwamba pa mapewa. Maso ayang'ane kutsogolo, kumapeto kwa dziwe, osati pansi kapena kumwamba. Limbitsani mimba kuti matako asathawire kumbuyo.

Miyendo iziyenda ngati mukuponda dothi loumbira njerwa: bondo likwere kutsogolo mpaka pafupi ndi mulingo wa chiuno, kenako phazi litsike molunjika pansi pa thupi lanu, lonse lathunthu, n'kukankha madzi pansi ndi kumbuyo pang'ono mpaka mwendo utatsala pang'ono kuwongoka. Mwendo wina ukamatsika, unzake ukhale ukukwera. Kutsitsako ndi kumene anthu amasiya theka. Amakweza mawondo onse awiri n'kumangogwedeza mapazi kutsogolo, thupi litapindika m'chiuno. Mukatero minofu ya kutsogolo kwa chiuno imatopa msanga, pamene matako ndi kumbuyo kwa ntchafu, zimene zimakukankhani pothamanga, sizikugwira ntchito konse.

Manja akhale m'madzi, zigongono zitapindika, akuyenda kuchokera paphewa, kutsogolo ndi kumbuyo, osadutsa pakati pa chifuwa. Fumbatani chibakera mosalimbitsa, chala chachikulu kumwamba. Chigongono chizipita kumbuyo ndithu, kupitirira nthiti.

Zolakwika zimene ndimaziona kwambiri ndi zitatu. Choyamba, kuwerama mpaka munthu akuchita kusambira, manja akukumba madzi kutsogolo, miyendo ikutsalira kumbuyo. Chachiwiri, kuponya phazi patali kutsogolo n'kulizunguza mozungulira, zimene zimakoka kumbuyo kwa bondo. Chachitatu, kufuna kufika kutsidya msanga. Pothamangira m'madzi mumasuntha pang'onopang'ono kwambiri, mwana wosambira amakupitirirani kawiri musanafike pakati. Palibe vuto. Mtunda m'madzi sawerenga, amawerenga nthawi ndi mphamvu. Mukaona kuti mukuyenda mwachangu, nthawi zambiri ndiye kuti mwawerama ndipo zikhatho zatseguka.

Pemphani mnzanu uja akujambuleni kanema wa masekondi 20 kuchokera m'mbali. Ngati lamba akuonekera pamwamba pa madzi kumsana kwanu, mwawerama. Ngati mawondo akutulukira pamwamba kutsogolo, mwakhala pansi.

7. Ikani mphamvu, osangoyandama

Mtima m'madzi sugunda mofulumira monga pamtunda. Madzi akafinya miyendo ndi mimba, magazi ambiri amabwerera kumtima, ndiye umapopa ambiri pa kugunda kumodzi. Pa ntchito yofanana, kugunda kumatsika ndi pafupifupi 10 pa mphindi, mwinanso kuposerapo madzi akazizira. Amene muli ndi wotchi yowerenga mtima musathamangitse manambala a pamsewu.

Njira yabwino ndi kuwerenga bondo limodzi ndi kumvetsera kapumidwe. Werengani kuti bondo lamanja lakwera kangati pa masekondi 30. Likakwera ka 30 mpaka 35 ndipo mukutha kucheza, ndiye kuthamanga kopepuka. Likafika 40 kapena kupitirira, ndipo mukungotha kutulutsa mawu awiri kapena atatu, ndiye kwamphamvu. Liwiro lichokere pa kufulumiza miyendo, osati kuitalikitsa.

Sabata yoyamba pitani katatu, mphindi 20 mpaka 30 mopepuka, mtima wonse uli pa kaimidwe. Kuyambira sabata yachiwiri, yambani tsiku lililonse ndi mphindi 10 zopepuka, malizani ndi mphindi 5 zopepuka, ndipo pakati ikani chimodzi mwa izi.

Zifupizifupi: mphindi imodzi yamphamvu, masekondi 30 opepuka, kubwereza ka 10. Mukazolowera, pumani mphindi ziwiri mubwerezenso ka 10.

Makwerero: mphindi 1, 2, 3, 4, 3, 2, 1 zamphamvu, pakati pake mphindi imodzi yopepuka.

Yaitali: mphindi 45 mpaka 60 pa mphamvu yapakatikati, m'malo mwa kuthamanga kwakutali kwa Loweruka. Iyi imatopetsa maganizo kuposa thupi. Khalani awiri muzicheza, kapena mphindi zisanu zilizonse ikanipo masekondi 30 ofulumira.

Kupuma kwa pakati kumafupika m'madzi chifukwa thupi limabwerera msanga, ndipo popuma musagwire khoma, miyendo izipitirira kuyenda. Poti mapazi sagunda pansi, mukhoza kuchita zamphamvu kawiri kapena katatu pa sabata, zimene pamsewu sizikanatheka. Ndikudziwa kuti kulowa m'dziwe n'kolipira, kuwonjezera minibasi kapena kabaza. Ngati thumba likulola masiku awiri okha pa sabata, chitani zifupizifupi ndi makwerero, yaitaliyo isiyeni. Funsaninso ngati ali ndi mtengo wa pamwezi, nthawi zambiri umatsikirapo.

8. Mverani ululu

Kutopa kwa minofu n'kwabwino. Ululu wa pamalo povulala paja si wabwino. Ukayamba muli m'madzi, chepetsani kutambasula mwendo, ukapitirira, tulukani. Ukawonjezeka usiku kapena m'mawa mwake, pumani masiku awiri ndipo muwauze adokotala a mafizo. Musamwe Brufen kapena mankhwala ena opha ululu musanalowe m'madzi pofuna kuti muthe kumaliza, chifukwa mukutseka pakamwa chinthu chokhacho chimene chikanakuchenjezani.

Samalani potuluka. Makwerero a dziwe ndi simenti yonyowa ya m'mbali zavulaza anthu amene m'madzi anali bwinobwino. Kwerani ndi mwendo wabwino patsogolo, ndodo zoyendera zikhale pafupi. Musadzikankhe pakhoma ndi phazi lovulala potembenuka.

M'madzi mumatuluka thukuta ngakhale simuliona, ndiye ikani botolo la madzi akumwa m'mbali mwa dziwe. Katumba akakokana, gwirani khoma, kokerani zala za phazi kumwamba mpaka amasuke. Mukayamba kunjenjemera kapena kumva chizungulire, tsikulo latha. Mukamaliza sambani ndi sopo, tsukuluzani lamba ndi madzi a pampopi, mumuyanike pamthunzi, pakuti dzuwa ndi chlorine zimamuumitsa mpaka kusweka.

Fupa limapola ndi chakudya. Anthu ena akasiya kuthamanga amayamba kudzimana poopa kunenepa, pamene thupi likufuna zomangira. Idyani usipa ndi matemba ndi minga yake yomwe, mazira, nyemba, mkaka, bonongwe. Atsikana ndi amayi amene mafupa amang'aluka mobwerezabwereza, ndipo kusamba kwa pamwezi kunasiya kapena kumadumphadumpha, auzeni adokotala zonse ziwiri pamodzi, chifukwa zimayenderana.

9. Kubwerera pamsewu

Madzi amasunga mtima ndi mapapo, koma mafupa, mitsempha ndi zidendene zimakhala zaiwala kugunda. Mukatha milungu 6 m'dziwe mudzamva mphamvu zoti muthamange makilomita 10 tsiku loyamba, ndipo mpweya udzakulolani. Mwendo sudzalola. Apa ndi pamene munthu akhoza kuvulalanso pamalo omwewo.

Dikirani adokotala akuloleni. Mng'alu wa fupa umatenga milungu 6 mpaka 8, ndipo wa malo ena, monga khosi la fupa la ntchafu kapena timafupa tina ta phazi, umatenga nthawi yoposa pamenepo. Musanathamange, muzitha kuyenda mwachangu mphindi 30 popanda ululu, tsiku lomwelo ndi mawa lake. Muzithanso kudumphadumpha ndi mwendo wovulalawo ka 10 osamva kanthu.

Pakati pa madzi akuya ndi msewu pali sitepe yabwino: vulani lamba, muthamange mbali yosaya mapazi akuponda. Madzi akalekeza m'chifuwa, miyendo imanyamula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwanu. Akalekeza m'chiuno, theka. Chitani sabata imodzi m'chifuwa, ina m'chiuno.

Kenako pitani pa kapinga wosalala wa bwalo la mpira kapena pa track monga ya ku Bingu National Stadium. Pewani phula, zitunda, ndi m'mphepete mwa msewu mopendekeka muja. Yambani ndi mphindi imodzi yothamanga, zinayi zoyenda, kubwereza ka 5. Mawa lake bwererani m'madzi. Tsiku lachitatu ziwiri zothamanga, zitatu zoyenda, ndipo muzionjezera choncho mpaka mutatha mphindi 30 osaima. Musathamange masiku awiri otsatizana m'mwezi woyamba. Zamphamvu zonse zipitirire kuchitikira m'dziwe, pamtunda pakhale zopepuka zokhazokha. Ululu ukabwerera, bwererani sitepe imodzi kumbuyo. Onaninso nsapato zanu. Ngati zinatha mbali imodzi, musabwerere nazo.

Ngati mumakonzekera makilomita 21 a mpikisano wothamanga wa Be More Race ndipo mwabwerera pamsewu patangotsala mwezi umodzi, lembetsani 5 kapena 10. Ndipo mukachira lamba musamugulitse. Tsiku limodzi pa sabata m'madzi, m'malo mwa tsiku limodzi la pa phula, limapumitsa miyendo osachepetsa ntchito ya mtima.